Katundu Akagulidwa Sabwezedwa?



Mwezi wathawu, itatha Misa ku tchalitchi lina laling'ono la kumudzi, adandipeza mai ena amasiye atafumbata kanthu kokulunga m'chitenje. Ine ndinkayesa kuti ndi mazira kapena nthochi, monga amachitira amai athu pofuna kuti wansembe asabwerere chimanjamanja. Atamasula, ndidaona nyale ya sola, yatsopano, ikali m'katoni mwake. Maiwo adaagulitsa thumba lathunthu la mtedza kuti agule nyaleyo, chifukwa mwana wao wamkazi ali mu Sitandade 8 ndipo akukonzekera mayeso. Nyale idayaka masiku aŵiri. Tsiku lachitatu idazima, ndipo ngakhale adaiika pa dzuŵa kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, siidayakenso. Adakwera kabaza nabwerera ku sitolo kumene adaigula. Mnyamata wogulitsa sadakane kuti nyaleyo idachokera m'sitolomo, sadakanenso kuti ndi yakufa. Adangoloza chala pa khoma pamene padali chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi, naŵamasulira kuti: katundu akagulidwa sabwezedwa.

Tsono maiwo adandifunsa kuti, "Bambo, kodi ndikapitanso kukalimbana nao sindichimwa? Kapena ndingozisiya m'manja mwa Mulungu?"

Funso limeneli lakhala likundizunguza mutu kuyambira tsiku limenelo, pakuti m'kati mwake muli zinthu ziŵiri zimene ambiri mwa ife timakhulupirira, koma zonse ziŵiri nzabodza. Choyamba nchakuti mau olembedwa pa khoma la sitolo ndi lamulo. Chachiŵiri nchakuti Mkhristu wabwino ndi amene amalola kuberedwa ali duu.

Tiyambe tadzifunsa: kodi maiwo adagula chiyani? Sadapereke mtedza wa chaka chonse kuti alandire pulasitiki ndi katoni. Adagula kuŵala. Wogulitsa ponena kuti "iyi ndi nyale," adalonjeza kuti chinthucho chidzachita ntchito ya nyale, ngakhale lonjezolo silidalembedwe pa pepala. Malonda onse ali choncho: uyu apereka ndalama, uyo apereka chinthu cholingana ndi ndalamazo. Mbali imodzi ikakwaniritsa ndipo inayo ikalephera, malondawo sadathe ai, akali pa njira. Ndalama zimene zatsala m'kabati ya sitolo zikali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi amene wabwerera kwao ndi nyale yakufa. Lamulo lachisanu ndi chiŵiri, limene akatekisiti mumaphunzitsa ana athu, silinena za wothyola nyumba usiku yekha. Likhudzanso aliyense wosunga chinthu cha mnzake mwini wake asakufuna, ngakhale adachilandira masanasana, pa kauntala, nkulembapo risiti.

Nkhani imeneyi siidayambe lero. Zaka zoposa 700 Ambuye Yezu asanabadwe, mbusa wina wa ku Tekowa, dzina lake Amosi, adatumidwa kukalalika ku ufumu wakumpoto wa Israele, pa nthaŵi ya mfumu Yerobowamu wachiŵiri. Idali nthaŵi ya chuma, malonda akuyenda bwino. Mukaŵerenga mutu 8 wa buku lake mudzapeza kuti anthu amene adaŵadzudzula sadali akunja osapembedza. Adali anthu osunga Sabata, otseka malonda ao pa tsiku loyera, koma mtima uli dyokodyoko kuti tsikulo lithe msanga, akayambenso kuchepetsa muyeso, kukometsa sikelo mbali yao, ndi kusakaniza zinyalala m'tirigu. Kodi ife zimenezi nzachilendo? Ndowa yoyesera chimanga yophwanyidwa pansi kuti ilowe zochepa timaidziŵa. Sikelo ya wogula mbeu kumudzi, yoŵerenga makilogalamu 45 pa thumba la makilogalamu 50, timaidziŵa. Chimanga wamba chopakidwa utoto nkuikidwa m'paketi ngati mbeu yamakono timachidziŵanso, ndipo chimenechi nchoŵaŵa koposa, chifukwa mlimi amazindikira bodzalo mvula itapita, pamene palibenso chobweza ku sitolo. Amosi adati Mulungu saiŵala zoterezi.

Koma wamalonda wina amene akundimvetsera anena kuti, "Bambo, ine sindine wakuba. Nyaleyo sindidapange ndine. Ndidaoda ku Limbe kapena ku Lilongwe ili m'katoni yomata, sindidadziŵe kuti ndi yakufa." Ndikukhulupirirani, mbale wanga. Ambiri mwa inu simudziŵadi. Koma funso lanulo lidayankhidwa kalekale ndi mphunzitsi wamkulu wa Eklezia, Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274. M'buku lake lalikulu lotchedwa Summa Theologiae adapatula gawo lathunthu pofotokoza za chinyengo pa kugula ndi kugulitsa. Adati katundu angathe kukhala wolakwika m'njira zitatu: mwina si chinthu chimene akuchitchulacho, mwina muyeso wake ngwopereŵera, mwina nchoonongeka pamene akuti nchabwino. Wogulitsa akadziŵa zimenezi nkugulitsabe, wachimwa, ndipo ayenera kubweza. Nanga ngati sadadziŵe? Apa mvetsetsani bwino. Woyerayo adati munthu wotere sadachimwe pogulitsa, popeza sadafune kunyenga. Koma tsiku limene wadziŵa za vutolo, ali ndi udindo wobwezera wogula zimene wataya. Kusadziŵa kumachotsa tchimo, koma sikuchotsa ngongole. Ndiye kuti mnyamata uja, kapena kuti bwana wake, sadalakwe pa tsiku logulitsa nyale. Kulakwa kudayamba pa tsiku limene mai aja adabwera nayo, iwo nkuiwona kuti siyaka, nkuloza pa khoma.

Woyera yemweyo adasiyanitsanso vuto lobisika ndi vuto looneka. Adapereka chitsanzo cha kavalo. Ukagulitsa kavalo wotsimphina ngati waliŵiro, wabisa chinthu chimene chidzavulaza kapena kuluzitsa mnzako. Koma kavalo wa diso limodzi aliyense amuwona yekha. Ukatsitsa mtengo moyenera, sulakwa ngakhale usalengeze pa msika. Kwathu kuno tinganene za kaunjika. Mwasankha malaya pa mulu, mwaŵatembenuza, mwaona kuti kolala ndi yoperepeseka, mwanenerera mtengo mpaka watsika. Maŵa musabwere ndi mkwiyo kuti akubwezereni. Mudagula ndi maso anu. Koma batire la m'kati mwa nyale, injini ya m'kati mwa chigayo, mbeu ya m'kati mwa paketi, zimenezi maso a wogula safikako. Pamenepo wogula amadalira mau a wogulitsa, ndipo nchifukwa chake wogulitsayo ndiye asenza mlandu.

Tsopano tibwere ku malamulo a dziko lathu, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri agona tulo. Chodabwitsa nchakuti zimene ndanenazi zili m'malamulo a Malaŵi pafupifupi momwemo. Pali lamulo lakale la malonda lotchedwa Sale of Goods Act. Lamuloli limati munthu akagula katundu kwa wochita malonda a katundu wa mtundu umenewo, pamakhala pangano losalembedwa lakuti katunduyo ndi woyenera kugulitsidwa, ndi wofanana ndi m'mene adamufotokozera, ndiponso kuti adzagwira ntchito imene wogula adanena kuti akumufunira. Limatinso ngati wogula adamuyang'anitsitsa katunduyo, sangadandaule za vuto limene akadaliwona poyang'anapo: ndi kavalo wa diso limodzi uja ameneyo. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, limene lidatchula poyera ufulu wa wogula wouzidwa zoona za katundu, ndi ufulu wolandira chipukutamisozi chokwanira ndi cha msanga akaluzitsidwa ndi wamalonda.

Nanga chikwangwani chija? Lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, Competition and Fair Trading Act, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, lidaletsa wamalonda kudzichotsa pa mlandu wa katundu woonongeka. Bungwe loyang'anira lamuloli, Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoti CFTC, lakhala likuchenjeza amalonda kuti mau onena kuti katundu sabwezedwa, kaya alembedwa pa khoma kaya pa risiti, ngosaloledwa. M'chaka cha 2024 lamulo la 1998 lija lidaloŵedwa m'malo ndi latsopano, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi chaka chomwecho, ndipo lidapatsa bungweli mphamvu zolamula wamalonda kuti abweze ndalama kapena asinthe katundu, ndi zomulipiritsa chindapusa. Mukumva, abale anga? Chimene mai aja adachiwopa ngati lamulo, ndicho chimene chikuphwanya lamulo. Munthu sangadzilembere yekha chikhululukiro nkuchipachika pa msomali.

Ndingotchulako pang'ono kuti nkhondo imeneyi siya dziko lathu lokha. Pa 15 Marichi 1962, mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy, adauza nyumba ya malamulo ya kwao kuti wogula aliyense ali ndi ufulu unai: wotetezedwa ku katundu woopsa, wouzidwa zoona, wosankha, ndi womveredwa akadandaula. Nchifukwa chake tsiku la 15 Marichi limakumbukiridwa chaka ndi chaka m'maiko ambiri, ndi kuno komwe, ngati tsiku la ufulu wa ogula. Bungwe la United Nations lidavomereza malangizo oteteza ogula m'chaka cha 1985. Mwa ufulu unai uja, umene mai athu adamanidwa kwenikweni ndi wachinai. Palibe adakhala nao pansi kuti amve.

Koma ndisakondere, pakuti sikelo yachinyengo imapezeka m'manja mwa ogula omwe. Ufulu wobweza katundu si ufulu wosintha maganizo. Mwagula nsalu yabwinobwino, mwafika kunyumba, amuna anu akuti maluŵa ake saŵakonda; wasitolo akakusinthirani, wakuchitirani chifundo, muthokoze, koma chilungamo sichimukakamiza. Ndipo alipo ena mwa ife, tisabise, amene amagula suti Lachisanu, nkuvala pa ukwati Loŵeruka, nkukaibweza Lolemba ati njothina. Alipo ogwetsa foni m'madzi, nkuiumitsa pa dzuŵa, nkupita nayo ku sitolo akulumbira kuti idangozima yokha. Ameneyo ndi wakuba chimodzimodzi ndi wa ndowa yophwanya uja, ndipo tchimo lake limapweteka ena: wasitolo akanamizidwa kaŵiri katatu amauma mtima, ndipo amene amalipira kuuma mtimako ndi mai wamasiye wobwera pambuyo ndi dandaulo loona. Thomas Woyera uja sadasiye mbali imeneyi. Adati wogula amene wazindikira kuti wogulitsa walakwitsa, mwachitsanzo wagulitsa golide poyesa mkuŵa, nayenso ayenera kubweza. Mukapatsidwa chenji chopitirira, nkhani ndi yomweyo.

Tsono munthu wolakwiridwa achite chiyani? Ambuye adatipatsa kale njira mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 18, pophunzitsa za mbale amene wakulakwira: uyambe wakamba naye pa aŵiri, zikakanika utenge mboni, zikakanikabe upite nayo nkhaniyo ku bwalo lalikulu. Palibe pamene adati ukhale chete. Njira yomweyo ndi yanzeru pa malonda.

Pitani msanga. Nzoona kuti mlandu suola, koma pa nkhani ya katundu kuchedwa kumakuluzitsani, chifukwa lamulo limati munthu akasunga katundu nthaŵi yaitali osanena kanthu, ndiye kuti wamuvomera. Musayambe mwapita naye kwa mmisiri wa pa msika kuti atsekule. Akangomasula zomangira, wasitolo apeza pothaŵira, ati mwaononga nokha. Tengani katoni yake, pepala la waranti ngati lilipo, ndiponso risiti. Za risitizi ndiime pang'ono. Ife Amalaŵi timachita manyazi kupempha risiti, ngati kuti tikumuyesa mnzathu wakuba. Ena tikalandira timakulungira fodya kapena kuyatsira moto. Kapepala kameneko ndi mboni yosaiŵala ndi yosaopa munthu: kamanena tsiku, mtengo ndi dzina la sitolo. Pemphani kuti alembepo dzina lenileni la katunduyo, ndipo musanachoke yesani chinthucho pomwepo, wogulitsa akuwona. Safunsa adadya phula. Ngati risiti lidatayika, musataye mtima. Uthenga wa pa foni wosonyeza kuti mudalipira, kapena munthu amene mudali naye pogula, ndi umboni ndithu.

Mukafika, lankhulani mwaulemu ndi momveka. Nenani chimene mudagula, tsiku lake, vuto lake, ndi chimene mukufuna: kukonzeredwa, kusinthiridwa, kapena ndalama zanu. Musamukalipire mnyamata wa pa kauntala. Kaŵirikaŵiri iyeyo alibe mphamvu, ndipo mwina adauzidwa kuti akalandira katundu wobwezedwa adzamudula pa malipiro ake, amene ngochepa kale. Funsani mwini sitolo kapena woyang'anira. Akakana, bwererani tsiku lina ndi anthu aŵiri okhwima maganizo. Kumsika kuli komiti ndi tcheyamani wake. Nkhani zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, lembani kalata, musunge ina yofanana nayo, ndipo mukadandaule ku CFTC, imene likulu lake lili ku Lilongwe. Liliponso bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi, limene lidayamba m'chaka cha 1994. Nkhani ikakhala ya sikelo yonama, chakudya chopitirira masiku ake kapena katundu wosafika pa muyeso, a Malawi Bureau of Standards ndiwo eni ake. Ndipo bwalo la majisitireti silidamangidwire olemera okha.

Wina ati, "Zonsezi chifukwa cha nyale imodzi? Ndalama zoyendera zokha ziposa mtengo wake." Apa pali choonadi choŵaŵa, ndipo amalonda osaongoka amachidziŵa bwino. Amaŵerengera kuti wosauka atopa. Nchifukwa chake ndikutembenukira kwa inu akatekisiti, ndi inu atsogoleri a Miphakati ndi Malimana. Timasonkhana msanga pa maliro ndi pa matenda, ndipo nzabwino. Koma mnzathu akaberedwa pa kauntala timangoti pepani. M'Mphakati uliwonse muli wina wodziŵa kulemba kalata, wina wokhala ndi foni, wina wopita ku tauni sabata ili lonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo kumbukirani kuti m'katoni imene mudachokera nyale yakufayo mudali nyale zina. Amene wadandaula lero watchinjiriza mnansi wake amene akadagula maŵa. Kukhululuka ndi udindo wathu, inde, ndipo mai aja ayenera kuchotsa chidani mumtima mwao. Koma munthu angathe kukhululukira mnzake ndi mtima wonse, nkumufunsabe ndalama zake. Ngakhale mu Sakramenti la Kulapa, wansembe sauza wakuba kuti popeza Mulungu wakukhululukira, mbuzi ija usunge.

Kwa inu amalonda, amene ambiri mwa inu ndinu Akhristu okhulupirika, oimba m'kwaya ndi othandiza pa zomangamanga za parishi, ndikudziŵa kuti zinthu sizikuyenda mofeŵa. Mitengo yooda ikukwera, phindu pa chinthu chimodzi nlochepa, ndipo nyale imodzi yobwezedwa ingathe kudya phindu la nyale zisanu. Koma taonani: inunso ndinu ogula. Pamene mudaoda katunduyo mudapereka ndalama zenizeni, ndipo amene adakugulitsani ali ndi udindo kwa inu. Sungani mapepala anu ooda, mubweze katundu wakufayo kumene adachokera, mpaka kutayako kukafike kwa amene adapanga kapena kuitanitsa chinthu chosayenera. Chimene sichiloledwa ndi kutula katundu yenseyo pa mutu wa munthu wotsiriza, amene ali wofooka koposa onse, kapena pa malipiro a wantchito wanu amene sadalakwe kanthu. Zakeyo wa ku Yeriko, m'buku la Luka mutu 19, adalonjeza kubweza kanai zimene adalanda. Inu palibe akukupemphani kanai. Akungopempha chimene adapereka. Ndipo ngati chikwangwani chija chili pa khoma lanu, mwina mudachipeza pomwepo kapena mudangotengera kwa anzanu, kachichotseni maŵa m'maŵa musanatsekule chitseko.

Mai aja ndidaŵayankha kuti sachimwa. Tidafunafuna m'katoni muja ndipo risiti tidalipeza, lopindidwa kanai pansi pa kabuku ka malangizo. Mwana wao ndiye adaaliika m'menemo. Katekisiti wa pamalopo adalemba kalata yaifupi, ya mizere isanu ndi umodzi, yonena tsiku logula, tsiku limene nyale idazima, ndi pempho lakuti asinthe kapena abweze ndalama. Loŵeruka lotsatira adapita atatu: maiwo, katekisiti, ndi mai wapampando wa Mphakati. Mwini sitolo sadapezeke, adaapita kukaoda katundu. Mnyamata uja adalandira kalatayo ndi manja aŵiri, naŵapatsa mpando, ndipo adati abwerenso Lachitatu. Mayeso a mwana uja akuyandikira, ndipo pakali pano akuŵerengera tochi ya foni ya katekisiti.